Tsiku Limene Ndinawuluka pa Nkando

Ndikukumbukira chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno, mpaka madalaivala ankanunkhiza zigubu zopanda kanthu kuti mtima ukhale pansi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkagulitsa zinanazi zosenda pa Nkando. Amayi ankakhala pabenchi kusenda ndi kudula, ine ndinkathamangira maminibasi ndi beseni pamutu.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi: wofika pawindo poyamba ndiye wagulitsa. Choncho ife ana a mabeseni sitinkawoloka msewu ndi maso. Maso ankakhala pa dzanja la wogula likatuluka pawindo, msewu tinkausiyira makutu. Ndipo makutu tinali nawo. Ine ndinkatha kumva lole ikunyamuka pa Chonde n'kukuuzani chimene dalaivala wake wadya m'mawa. Wokayika akafunse pa Nkando, anthu alipo.

Koma a kabaza a njinga zamoto nawonso anali ndi nzeru zawo za chaka chimenecho. Pofuna kusunga timafuta, ankati akathamanga pang'ono n'kuzimitsa injini, njinga n'kumangoyenda yokha, chete ngati mphaka.

Tsiku lina la msika maminibasi anaima awiriawiri mpaka kutseka msewu, pakati pawo n'kutsala kampata koti mbuzi yonenepa singadutse. Mayi wina anatulutsa dzanja pa minibasi ya tsidya linalo. Ndinamvetsera: zii. Ndinadumphira m'kampata kaja. Momwemo n'kuti mukubwera a Beni, kabaza wa ku Muloza, injini atazimitsa.

Ndinawuluka. Sindikuwonjezera. Ndinakwera mpaka kuona phiri la Mulanje pamwamba pake, ndi anthu akuthyola tiyi ku esiteti, mmodzi anandibayibitsa. Zinanazi zina zinatera mawa lake. Ine ndinatera tsiku lomwelo, ndi bondo.

"Wapha mwana!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato.

Anyamata oyitanira minibasi anawagwira a Beni asanadzuke n'komwe.

"Aise, msewuwu ndi wa bambo ako?"

"Otchani njingayo!"

Wina anatsegula thanki, kusuzumira, kugwedeza, n'kulengeza mokhumudwa kuti mulibe choyatsira. Njinga inapulumuka chifukwa cha umphawi. Mwini wake ndiye ayi.

Ine n'kuti ndili pamiyendo pa mayi wa tomato uja. Wina ankandikupiza ndi chitenje, wina anandimwetsa thobwa laulere, wina anati ndine mwana wofatsa, mawu amene ndinali ndisanamvepo chibadwire. Bondo linkawawa, inde, koma osati kwambiri. Pakati pa miyendo ya anthu ndinkawaona a Beni atagwada, manja ataphimba mutu.

"Pepani akuluakulu, sindinamuone," ankatero. "Wangotulukira, mufunseni mwanayo!"

Ndinawamva bwinobwino, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinatseka maso n'kubuula mokweza. Kenako ndinamva chibakera, kulira kwake ngati bango lagwera padenga la malata.

Amayi anafika mpeni wosendera udakali m'manja, ndipo anthu anapatuka okha. Anandigwira bondo, kulipinda, kuliwongola.

"Esinati, dzuka. Ponda pansi."

Ndinaponda.

"Unayang'ana?"

"Ndinamvetsera, amayi."

"Ndafunsa za makutu ine? Unayang'ana?"

"Ayi."

Anatembenukira kwa a Beni. "Nanga inu bambo, injini imalira?"

"Ayi mayi. Mafutawa..."

"Hutala?"

"Inafa kalekale."

"Ndiye inu mukulowa pakati pa magalimoto oima, pamsika, mwakachetechete ngati mfiti, mumati m'menemo mutuluka chiyani? Inu muli pachitsulo, uyu wasenza beseni. Mlandu waukulu ndi wanu, mupita naye kuchipatala. Waung'onowo ndi wa uyu, ndikathana naye kwathu." Ndiye anawayang'ana anyamata aja mmodzimmodzi. "Nanga inu mukumenyanu, mwanayu munandithandiza kubereka?"

Aliyense anakumbukira kuti ali ndi minibasi yoti ayitanire.

Kuchipatala tinapita pa njinga yomweyo, ine pakati, amayi kumbuyo, injini ikulira mpaka kufika. A Beni ankayendetsa pang'onopang'ono moti nkhuku ina inatipitirira kawiri. Izi ndinaona ndi maso anga, yoyera, yamawanga pakhosi.

Ine anangonditsuka bondo n'kumata kansalu. A Beni anawasoka mlomo. Potuluka anayesa kundimwetulira, ndipo m'pamene ndinaona kuti dzino lakutsogolo palibe.

"Bondo lili bwanji, mwanawe?" anafunsa, mawu akutuluka ndi mphepo.

Kunyumba ndinkayembekezera chikwapu, mpaka ndinavala masiketi atatu. Amayi sanathyole ngakhale kamtengo. Anakhala pakhonde kutsuka beseni lija, lomwe linali litapindika mbali imodzi, ndipo anandifunsa osandiyang'ana.

"Pamene bambo aja ankamenyedwa, unali utakomoka?"

"Ayi."

"Unawamva akuti akufunse?"

"Ndinawamva."

"Thobwa linali lokoma?"

Mafunso anathera pomwepo. Anapitiriza kutsuka. Ndikanakonda chikwapu.

Lero ndimagwira ntchito ku Limbe, ndipo sabata sipita osaona kabaza atagunda munthu pakati pa magalimoto. Anthu amathamangira pamenepo ndi funso limodzi, wolakwa ndani, ndipo amafuna dzina limodzi basi, makamaka la amene angathe kumugwira kolala. Ine ndimaona monga anaonera amayi: wokwera chitsulo akalowa pamene sakuona kutsogolo, zolakwa zambiri ndi zake, koma woyenda pansi naye ali ndi zake, ngakhale atagona pansi magazi akutuluka.

Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse n'chakuti pa tsiku lija ndinalakwa kawiri. Kulakwa kwa pamsewu kunachitika m'kuphethira kwa diso, ine ndi a Beni tonse tikuthamangira chakudya. Koma kugona pamiyendo paja maso ali otseka kunatenga nthawi, ndipo ndinachita kusankha.

Bondo langa lilibe ngakhale chipsera. A Beni akadali pa kabaza, ndipo ndikapita kumudzi amandinyamula, amandifunsa za ntchito, amaseka pakamwa ponse popanda chakukhosi. Apa sindikuseka: akamaseka, ine ndimayang'ana pansi.