Kabuku ka Sikelo ka Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba ndinamubereka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sukulu ndinalekezera sitandade 5. Ndine wamanyazi. Ngakhale kumsika wa Zomba, komwe ndimagulitsa tomato, sinditha kuitanira malonda.

Mwanayo atafika zaka khumi ndi chimodzi analowa timu ya mpira ya ana kwathu ku Sadzi. Akaweruka kusukulu ankathamangira kubwalo, ngakhale masiku a chiperoni, nkhungu itaphimba phiri lonse. A kochi ankati akuwakonza anawa kuti adzakhale osewera enieni. Sindinganame, zina anaphunziradi: kumenya ndi mwendo wamanzere, ndi kupatsira mnzake m'malo mothamanga ndi mpira yekha.

Utayandikira mpikisano wa ana osapitirira zaka khumi ndi ziwiri, a kochi anabwera kunyumba kudzapempha kabuku kake ka sikelo. Anati okonza mpikisano amafuna kuona tsiku lobadwa. Ndinakapereka ndi manja awiri. Kabuku kameneko ndakhala ndikukasunga m'pepala la pulasitiki chibadwire mwanayo. Muli katemera wake yense, ndi mwezi umene anatsala pang'ono kundisiya ndi malungo.

Tsiku la mpikisano ndinasiyira mnzanga tomato wanga n'kupita kubwalo. Kunabweranso abambo awiri a ku Blantyre, odzasankha ana oti akawaphunzitse mpira. Pa tebulo la okonza mpikisano anaitana dzina la mwana wanga. Amene anayankha anali mnyamata wamtali wa ku Chikamveka, yemwe ndimamudziwa chifukwa amapalasa kabaza. Chibwano chake chinali chometa kumene. Anavala jezi yomwe ndinachapa ine dzulo lake. Mwana wanga anali atakhala pansi kuseri kwa golo, atakumbatira mawondo.

Amayi anzanga anandiuza kuti ndisadabwe, matimu onse amatero, poti kabukuko kalibe chithunzi. Wina anaseka, nati a timu inayo ena ali ndi ana awo kunyumba.

Wakabazayo anagoletsa zigoli ziwiri. Ndinaona abambo a ku Blantyre aja akufunsa dzina lake n'kulemba. Pa nthawi yopumula ndinadzuka n'kupita pomwe panali a kochi, pafupi ndi tebulo lija.

"A kochi, ndipatseni kabuku ka mwana wanga."

Anandiyankha monong'ona kuti tikambirana mpira ukatha, ndiponso kuti ndizisangalala chifukwa dzina lomwe latchuka ndi la mwana wanga.

"Dzinalo ndinamupatsa ndine," ndinatero. "Uyo sindinamubereke."

Mawu anatuluka mokweza kuposa momwe ndinkafunira, ndipo a patebulo anamva. Timu yathu anaichotsa mu mpikisano pomwepo. Anthu ananditukwana mpaka kumsewu, ati ndine mbuli, sindidziwa za mpira. A kochi anati mwana wanga asadzapondenso pabwalo lawo.

Mwanayo anakhala masiku atatu osandilankhula. Atayamba kulankhula ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati a kochi anawauza kuti wosewera wabwino amathandiza timu ngakhale atakhala pansi. Sabata yonse anamupatsa ntchito yolowezetsa wakabaza uja tsiku lobadwa la mwana wangayo, mudzi wathu ndi dzina langa, kuti asakaphonye akamufunsa.

Zimenezo ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero. Matukwana aja ndinaiwala. Koma munthu wamkulu anaphunzitsa mwana wanga kukhala chete wina akuyankha dzina lake, ndipo mwanayo ankaganiza kuti akuchita bwino.

Pano amasewera mpira wa mapepala mumsewu ndi anzake. Mwendo wamanzere uja ukadalipo. Mwezi wathawu a kochi a timu ina anamuona n'kubwera kudzandipempha kabukuko. Ndinawauza kuti mwana angathe kumutenga, koma kabuku ndidzakanyamula ndekha mpaka patebulo, ndipo ndidzaima pomwepo mpaka atalowa m'bwalo. Anati aganiza kaye. Sanabwerenso.