Boti la ku Mbenji Lomwe Sindinakwere

Ndimaphunzitsa za maganizo a anthu ku yunivesite, ndipo chinanditchukitsa ndi kafukufuku wa mantha a asodzi a ku Mbenji. Anzanga amanditchulabe m'zolemba zawo, koma pachilumbapo sindinapondepo. Tsiku lowoloka, phazi limodzi lili kale m'boti, ndinaona mafunde, n'kubweza phazilo. Ndinanama kuti ndatsegula m'mimba. Asodziwo ndinawafunsira kumtunda konkuno, nditakhala pamchenga.

Sabata yatha ndinakumana ndi a Yusufu, eni boti lija, akusoka ukonde.

"A Dokotala, m'mimba muja munaleka? Malo anu alipobe."

Ine katswiri wa mantha ndinayang'ana pa wotchi, n'kuyankha kuti, "Inshallah, chaka chamawa."