Masauso ndi Madesiki Othyoka a ku Luangwa

Inu amene mwakhala pansi mukuti zanu zatha, tamvani za Masauso Daka wa ku Luangwa, mu Kitwe.

Chaka chimene kampani yomwe ankagwirako ntchito ku mgodi inatsekedwa, Masauso anasanduka munthu wa pabenchi. Anali mmisiri wowotcherera zitsulo, wodziwika ndi ntchito yaukhondo. Anayenda m'makampani mpaka ku Ndola, nsapato zinatha zidendene, koma yankho linali limodzi: "Tidzakuitanani." Potsiriza anatopa. M'mawa mkazi wake Josephine akakwera minibasi kukagulitsa kapenta ndi tomato kumsika wa Chisokone, iye ankalowera ku bala ya Ba Jairus, n'kumadikira woti amugawireko chibuku.

Tsiku lina mwana wake Chichi, wa giredi seveni, anavula yunifolomu n'kukhala pakhonde.

"Atate, kusukulu sindipitanso."

"Wadwala?"

"Ayi. Timakhala pansi ngati pamaliro. Madesiki ochepa omwe alipo amalanda ndi anyamata akuluakulu. Ndimalembera pabondo, mvula ikagwa madzi amalowa, mabuku onse matope. Bola ndizikathandiza amayi kumsika." Kenaka anawonjezera motsitsa mawu: "Nanga inu simunaphunzire? Si muli pakhomo pano?"

Mawu amenewo anamulasa Masauso mpaka m'mafupa. Mkwiyo anasowa pouthira, ndiye anautenga wonse n'kupita nawo kusukulu, kuti akawauze aphunzitsi zakukhosi.

Mphunzitsi wamkulu, Mayi Hellen Chanda, anamusiya alankhule mpaka mpweya unamuthera. Ndiyeno anati, "Ba Daka, tiyeni muone." Anamutengera kuseri kwa makalasi. Kumeneko kunali mulu wa madesiki othyoka, wamtali kuposa munthu, dzimbiri lili psuu, udzu utamera pakati.

"Kuyambira pamene maphunziro anakhala aulere, ana achuluka kwambiri," anatero mayiwo. "Tinapempha madesiki atsopano, tikudikirabe. Masukulu odikira ndi ambiri."

Masauso anasolola chitsulo chimodzi, nachigogoda ndi mwala. Chinalira bwino. Anasolola china, nachonso chimodzimodzi. Mkwiyo uja sanadziwe kumene unalowera.

"Mayi, awa sanafe," anatero. "Angokomoka."

Kunyumba anali ndi kamakina kowotcherera, komwe Josephine anakaniza kwamtuwagalu kuti asagulitse. Ataloledwa ndi Mayi Chanda, anayamba kunyamula madesiki pawilibala kupita nawo kwawo. Koma m'komboni maso ndi ambiri, ndipo pakamwa sipachedwa. Posakhalitsa mbiri inawanda yoti Daka akugulitsa zitsulo za sukulu kwa ogula sikirapu kuti apeze ya mowa.

Pamsonkhano wa makolo, bambo wina wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, dzina lake Frederick, anaimirira.

"Kukonza sukulu ndi ntchito ya boma," anatero. "Ndipo katundu wa ana athu tingamusungitse bwanji kwa munthu wa pabala?"

Anthu ena anaseka. Masauso anatuluka mutu uli pansi, akulumbira kuti sadzapondanso pasukulupo.

Josephine atamva nkhaniyo, sanamunyengerere. Anapitiriza kusankha kapenta wake.

"Ngati akuti mukuba mobisa, kagwireni ntchito poyera," anatero. "Munaonapo wakuba akuwotcherera pabwalo, moto uli lawilawi?"

Loweruka m'mawa Masauso anaika kamakina kake pansi pa mtengo wa mango, pakati pa bwalo la sukulu. Anali yekha. Atangolumikiza miyendo ingapo, magetsi anazima. Odutsa mumsewu ankasuzumira pampanda n'kumaseka. Iye anatenga sandipepala, nayamba kupala dzimbiri mpaka dzuwa linapendeka. Loweruka lotsatira zinabwerezanso chimodzimodzi, iye osasuntha.

Panalinso vuto lina. Zitsulo zinkachira, koma matabwa okhalira ndi olembera anali atawola kale.

Apa m'pamene panatulukira Ronnie, kalipentala wopanga mabokosi a maliro pafupi ndi msika, akukankha ngolo yodzaza ndi zidutswa za matabwa.

"Mulishani, Ba Daka!" anakuwa moni wa Chibemba ali patali. "Makasitomala anga sanena zikomo, ndipo sabweranso. Ndati ndipangireko amoyo, ndimve mmene zimakhalira."

Masauso anaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chichotsedwere ntchito.

Desiki loyamba litaima, lolimba, losalala, Mayi Chanda analiika pachipata kuti aliyense alione. Ana analiunjirira, kusinthana kukhalapo ngati ndi galimoto yatsopano. Madzulo nkhani inali itafika m'nyumba zonse.

Sabata yotsatira magetsi atazima, kunamveka phokoso kuchipata. Anali Ba Jairus ndi jenereta ya ku bala kwawo.

"Mwandithawa, ndiye ndakulondolani," anatero akupukuta thukuta. "Zidzukulu zanga nazonso zimaphunzira pano. Koma mafuta muzisonkha, ine si boma!"

Kuyambira pamenepo bwalo silinakhalenso lopanda anthu. Amayi a Chikatolika anabwera atamanga zitenje, kudzapala dzimbiri akuimba. A Pentekosite anabwera ndi nyimbo zawo, ndipo panabuka mpikisano woti aone amene apale madesiki ambiri. A Adventisti anati Loweruka sangathe, adzabwera Lamlungu, mwakuti Masauso anasowa tsiku lopuma. Wa sitolo ya zitsulo anapereka misomali. Aphunzitsi anavula matayi n'kugwira macheka. Chinyanja ndi Chibemba zinkangosakanikirana ndi kulira kwa nyundo.

Tsiku lina Frederick anafika atanyamula chitini cha penti. Sanapepese ndi pakamwa. Anapinda manja a malaya ake oyera, natenga burashi, nafunsa kuti, "Ba Daka, ndiyambire pati?"

"Yambirani apo, bwana," anayankha Masauso. "Koma malayawo muwatsanzike."

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Mvula inawabalalitsa kangapo. Nthawi ina matabwa anatha, ntchito inaima, ena anagwa ulesi n'kusiya kubwera. Masauso ankayenda khomo ndi khomo, kutchalitchi ndi kutchalitchi, kupempha zitseko zakale ndi mabedi othyoka. Ena ankamutsekera chitseko, ena ankamupatsa. Mulu uja unkatsika pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina pamalopo panatsala udzu wokha.

Mayeso a giredi seveni asanafike, panalibenso mwana wokhala pansi. Chichi, yemwe anabwerera m'kalasi ataona atate ake akulimbana ndi dzimbiri, anakhoza bwino, ndipo anapita ku sekondale.

Makolo nawo anali atalawa kukoma kogwirira limodzi. Atatha madesiki anatembenukira ku mawindo, kenaka ku zimbudzi za atsikana. Akuluakulu a maphunziro atabwera kudzaona, anawonjezera malata ndi simenti. Masukulu ena a mu Kitwe anayamba kumufunafuna Masauso, ulendo uno kuti amulipire. Lero ali ndi shopu yake m'mbali mwa msewu, ndipo pa chikwangwani pali dzina lake ndi la Ronnie.

Tsiku lina m'mawa Mayi Chanda anamuitanitsa mwachangu. Anawapeza ataima pakhonde, nkhope ili gwa.

"Ba Daka, mwatibweretsera vuto latsopano."

Masauso anafunsa msanga: "Athyoka?"

"Tamverani."

Kuchokera m'kalasi la giredi thuu kunkamveka chiphokoso ngati cha gule. Mphunzitsi anali atangotuluka pang'ono, ndipo ana onse anali kuomba madesiki ngati ng'oma, ena akuvina pamwamba pake.

"Kale kunali zii," anatero Mayi Chanda, kuseka kukuwapulumuka. "Tsopano mutu wanga suona mtendere."

Masauso anatchera khutu ngati sing'anga womvera mtima wa wodwala.

"Asiyeni aombe, mayi," anatero. "Ndinawotcherera ine amenewo. Adzaombanso ana awo."

Inu owerenga, mwina ntchito inakutherani. Mwina anthu anakupatsani kale dzina loipa, ndipo mukaimirira kulankhula amaseka. Musadikire kuti akukhulupirireni kaye. Pafupi nanu pali sukulu, ndipo pasukulupo pali chinachake chimene manja anu angathe. Pitani, yambani, ngakhale muli nokha. Anthu sachedwa kutsatira munthu amene wayamba kale kutuluka thukuta.

Osataya mtima. Dzukani, ana akudikira.