Wailesi ya Amayi Itakumana ndi Kompyuta ya Aphunzitsi

Sunthirani kuno adzukulu, mafoniwo aikeni pansi, sathawa. Ndikuuzeni za wailesi ya masidi ya amayi anga, yakuda, yokhala ndi kathireyi kotuluka ngati lilime la galu. Kumbali yathu ku Chawama inalipo imodzi yokhayo. Atate anaigula chaka chomwe anamwalira.

Amayi ankatsogolera kwaya ya azimayi kutchalitchi, ndipo nyimbo zonse ankaphunzirira pamenepo: kudina, kumvera, kubwereza. Inali nyengo ya mphepo ija yodzaza fumbi m'mano. Lamulungu kunali mpikisano wa makwaya, koma nyimbo ziwiri zinali zisanalowe m'mitu.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankanyamula makatoni kumafakitale, koma m'thumba la shati simunkasowa sikuludiraiva. Ankadziyesa injiniya. Aphunzitsi, oyandikana nafe, munthu wamanyazi wosakwatira, anali atapatsidwa kompyuta yakale ndi sidi imodzi ya maphunziro. Tsoka lake, kompyutayo inalibe polowetsa sidi.

Mawu a amalume ndimawakumbukabe: "Ba ticha, vinthu ivi ni vimodzi. Iyi ni yozungulira, iyo ni yozungulira. Vuto ni waya chabe."

Lachitatu amayi atapita kumsika, anthu awiriwa ananyamula kompyuta n'kuiika patebulo lathu. Poyamba anaika sidi ya aphunzitsi m'wailesi muja. Inakuwa! Osati nyimbo ayi, koma tsiii, ngati nkhumba yakanirira pampanda. Nkhuku zinabalalika. Mayi wina wa kuseri anayamba kudzudzula ziwanda. Amalume okha ankamwetulira. "Mwamva? Yakamba chikompyuta."

Anadula waya wa sipika, kuupotokola, kuulowetsa kumbuyo kwa kompyuta, n'kumanga ndi pulasitiki ya buledi. Pagalasi sipanaoneke kanthu. Amalume akuti sidi ili ndi dothi, ipukutidwe.

Apa ndiye pamene ndinalowererapo ine. Sukulu ndinailekera panjira, koma kutsuka mapoto palibe ankandiposa. Ndinaitenga sidi ija, phulusa pang'ono, kamchenga, n'kuikwecha ndi mtima wonse. Musaseke. Kwathu chinthu chikapanda kuwala, mlandu unali wa mwana wamkazi. Aphunzitsi ataiona anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Amalume akuti moto ndi umene wachepa, n'kulumikiza waya winanso kuchokera kukhoma. Tinangomva phu! Kautsi kabuluu kanatuluka, fungo ngati tsitsi lopsa, kathireyi n'kutsalira panja.

Amayi anafika ndi dengu pamutu. Anayang'ana wailesi, anayang'ana kompyuta, anayang'ana pakhomo pomwe amalume anali atatulukira kale. Aphunzitsi okha ndiwo anatsala, manja kumbuyo ngati mwana wa giredi wani.

"Ba ticha, nyimbo zili m'buku muziwerenga?"

"Ningayese, mayi."

"Mwaipha ndinu. Mailo folo koloko, wailesi ndinu."

Mawa lake anabwera atavala tayi. Azimayi khumi ndi awiri anakhala pamphasa, iwo ataima pakati, thukuta kamukamu. Amayi akati "Bwezani!" iwo ankabwereza. Mayi wina wachipongwe ankawadina paphewa ngati batani. Koma mawu anali nawo bambo aja, okhuthala ngati uchi. Lamulungu kwaya yathu inakhala yachiwiri, ndipo amayi anati ikanakhala wailesi yeniyeni bwenzi tili oyamba.

Amalume anakabisala kukomboni ina, ku Mandevu, mwezi wathunthu. Anakalamba akukonza mafoni pamsika, akuuza aliyense kuti tsiku lija kunangosowa waya umodzi. Kompyuta ija inasanduka mpando wa alendo. Ine sindinapatsidwenso chinthu chowala kuti nditsuke, kufikira nditakwatiwa.

Koma aphunzitsi! Mpikisano unatha, kwaya inapuma, iwo folo koloko ali pakhomo, tayi pakhosi. Mvula inayamba, iwo ali pakhomo. Ine ndinkawamvera chisoni. Tsiku lina ndinafunsa amayi kuti kodi chilango cha munthuyu chidzatha liti. Amayi, omwe masiku amenewo anali atayamba kudzola mafuta onunkhira ngakhale pakati pa sabata, anangoti, "Iwe, kaike madzi a tiyi."

Ndinkaganiza kuti amayi ndi ankhanza. Ndinali ndisanadziwe kuti bambo ovutikawo ndidzawatcha atate zaka makumi atatu.