Ndinatukwana Mayi Amene Anakana Ndiwo za M'dimba Lathu

Inu owerenga, ine ndili ndi pakamwa, ndipo amene amandidziwa ku Kwekwe kuno sangatsutse. Koma pakamwa pomwepa panatsala pang'ono kundiphera bambo anga ondibereka. Munthu amene ndinamunyoza pamaso pa anthu, n'kumamujeda msika wonse, ndi yemweyo amene anandipulumutsira ababa. Ndikulemba izi kuti ndimuthokoze, komanso kuti wina asadzachite uchitsiru umene ndinachita ine.

Ababa anachoka ku Machinga ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi wa golide. Ife tonse tinabadwira kuno, m'komboni ya mgodi. Atapuma ntchito anachita zimene munthu wakwathu amachita akangoona madzi: anatsegula dimba. Linali m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa kuseri kwa komboni, ndipo mabedi akumunsi ankachita kugundana ndi madzi. Kumeneko ndiko ankaswera. Anali Msilamu wosaphonya swala, choncho nthawi ya pemphero la masana ikawapeza kudimba, ankatsikira kumtsinje kukachita udhu, kusamba kuja timasamba tisanapemphere. Ankasamba m'manja, kuchukucha m'kamwa, kutsuka m'mphuno, kumaso, mpaka mapazi, kenako n'kuyala kamkeka kawo pansi pa mtengo. Ankakonda kunena kuti madzi oyenda ndi oyera.

Zaka zija dziko litavuta, m'masitolo muli mbee, ndalama ikusanduka pepala usanafike nayo kunyumba, dimba limenelo ndilo linatisunga. Amuna anga anali atapita ku Joni n'kungoti zii. Ine ndinapeza mwayi woperekera repu, masamba a kovo ndi matimati kukhitchini ya chipatala china cha boma. Zinali zabwino chifukwa ankatenga wilibala yonse nthawi imodzi, pamene kumsika umakhala padzuwa tsiku lonse ndiwo zikufota. Bambo amene ankagula zinthu za chipatala nthawi imeneyo sankafunsa zambiri, bola masamba akhale obiriwira.

Kenako bambo aja anasamutsidwa, pamalo pawo n'kubwera mayi wachishona, wamfupi, wolankhula motsitsa, amene tonse tinkawatchula kuti Mai Chipo. Atangofika anatiuza ife operekera katundu kuti ndalama za boma siziyenera kugula zinthu zopezeka mowononga chilengedwe. Wa nkhuni akaonetse kumene amadula, wa ndiwo akaonetse kumene amalima. Ine ndinaseka. Ndinati dziko lili pamoto chonchi, wina ali kalikiliki kuwerenga mitengo! Ndinkaona ngati ndi changu cha munthu watsopano pantchito, chitha chokha.

Sichinathe. Tsiku lina m'mawa ndinangowaona atulukira kudimba, wapansi, atavala nsapato za ku ofesi. Anapereka moni kwa ababa mowomba m'manja, anayang'ana mabedi, kenako anafunsa kuti madziwa akuchokera kuti. Titaloza kumtunda anayamba kutsata mtsinje okhaokha. Pobwerera, nsapato zija zinali matope okhaokha ndipo nkhope yawo inali itasintha.

Zimene anakaona kumtundako ife tinkazidziwa, kungoti tinali titazizolowera. Kunali makorokoza, amuna okumba golide opanda chilolezo, ambiri a iwo anthu amene ntchito zinawathera. Ankatsukira miyala yawo mumtsinje womwewo ndi mankhwala a mekyuri. Kupitirira apo, wina anali atakumba maenje n'kuyalamo mapulasitiki, momwe ankanyikamo mchenga wakale wa mgodi ndi sayanaidi, mankhwala oopsa osungunulira golide. Chimene chinkatchinga madzi a m'maenjewo kuti asalowe mumtsinje chinali kamtumbira ka dothi basi.

Mai Chipo anandiuza mosapita m'mbali kuti sagulanso ndiwo zathu. Anati dimba lili m'gombe momwe lamulo limaletsa kulima, chifukwa dothi limakokolokera mumtsinje, komanso madzi amene tinkathirira sanali abwino. Anati tikasamukira kumtunda n'kukumba chitsime, adzayambiranso kugula, ndipo angathe kutiperekeza kukapempha malo. Ali pafupi kunyamuka anaona ababa akupinda manja a malaya kuti atsikire kumadzi. Anawagwadira n'kunena kuti, "Sekuru, ndapota, musaise mvura iyi mukanwa." Ankawachonderera kuti madziwo asamawaike m'kamwa.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna anzanga a makolo ochokera ku Malawi mundimvetse bwino. Ife tinakula tikutchedwa Mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi. Chitupa changa chinali ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndine mlendo, chonsecho mchombo wanga unakwiriridwa m'dziko lomweli. Munthu wotero amakhala ndi bala losapola, ndipo aliyense akamukaniza chinthu amaona ngati akumukhudza pabalapo. Ine sindinamve za madzi, sindinamve za dothi. Ndinangomva kuti Mshona wakana ndiwo za Mbhurandaya. Ndinakuwa mpaka a madimba oyandikana nawo anaimika makasu. Ndinawauza kuti anene zoona, akufuna kupatsa abale awo malonda anga. Ndinanenanso mawu ena amene sindingawalembe pano. Iwo anangoyankha kuti, "Sisi, handina daka nemi, ndilibe nanu chidani. Odwala athu ali kale ndi matenda, sindingawawonjezere ena." Anatembenuka n'kumapita.

Ababa sanakondwe nazo. M'mawa mwake ndinawapeza akutunga madzi mumgolo wa m'nyumba n'kumathira m'kachigubu, kuti akachitire udhu kudimba. Anati, "Mwanawe, sayanaidi ndimamudziwa ine, tinkagwira naye kumgodi. Yena mubi sitereki, ndi woipa kwabasi. Mayi uja sananame." Koma masiku amenewo pampopi sipankatuluka kanthu, ndipo madzi a mumgolowo ndinkachita kukawaimira pamzere kumjigo. Mtima wanga unali udakali wodzaza ndi ukali. Ndinawalanda kachigubu kaja m'manja, bambo anga ondibereka, n'kubwezera madziwo mumgolo. Ndinati zaka zonsezi akhala akusamba mumtsinje osadwala, lero asanditherere madzi chifukwa cha mabodza a munthu watsankho. Anatenga khasu ndi kamkeka kawo n'kutuluka. Mpaka lero ndikakumbukira mmene anandiyang'anira, mtima umandipweteka.

Ndiwo ndinayamba kugulitsa kumsika, ndipo wogula aliyense ndinkamuwonjezera nkhani ya Mai Chipo ngati basela. Zizindikiro zinalipo. Achule amene ankasokosa kumtsinje anachepa, masamba a m'mabedi akumunsi anayamba kupsa m'mbalimbali, ndipo miyendo inkandiyabwa ndikachoka kothirira. Zonsezo ndinkazipezera zifukwa zina. Paja amati chosamva anachiphikira m'masamba.

Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, tsiku lotsatira tinapita kudimba kukaona zimene madzi anawononga. Kunja kunatentha kwambiri. Ine ndinali m'mabedi akumtunda kudzutsa matimati amene anagwa, ababa n'kutsikira kumadzi monga mwa masiku onse. Patapita kanthawi ndinamva akundiitana ndi mawu achilendo. Ndinawapeza atakhala pansi m'matope, atagwira mutu, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa. Anasanza, kenako anayamba kulankhula zosamveka. Pambali pawo, m'mabango, tinsomba tinali titayandama mimba zili m'mwamba. Kamtumbira kaja kumtunda kanali katagumuka ndi mvula.

Anzathu a madimba anandithandiza kuwakweza pawilibala mpaka kumsewu, komwe bambo wina wa galimoto yonyamula njerwa anatimvera chisoni. Tsono imvani kuuma mtima kwanga. Titafika kuchipatala, adokotala atafunsa chimene chachitika, ine ndinati agwa kunyumba, mwina ndi BP yawo. Ndinkaopa kuti ndikatchula mtsinje, aboma akathyola dimba lija ndipo ana anga agona ndi njala. Komanso, ndinene zoona, sindinkafuna kuti zimveke kuti mayi uja ananena zoona. Bambo anga akutha mpweya pabedi, ine ndikuteteza repu ndi ulemu wanga.

Mulungu ndi wachifundo. Mai Chipo ankadutsa m'khonde kuchokera kukhitchini ndipo anandiona ndili pakhomo pa chipindacho. Akanatha kungodutsa, ndipo palibe akanawaimba mlandu. Koma analowa. Anayang'ana mapazi a ababa odzaza matope, ndevu zawo zikadali zonyowa, n'kundigwira dzanja mwamphamvu. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati anaika madzi a mumtsinje m'kamwa. Pamenepo ndinagwa pansi n'kuyamba kulira, ndipo ndinavomera.

Nthawi yomweyo anafotokozera adokotala za maenje a sayanaidi amene anawaona ndi maso awo. Adokotala anasintha zonse zimene ankachita, anawaika ababa pampweya, koma anati mankhwala ochotsa poizoni wa mtundu umenewo pachipatalapo panalibe. Chifukwa cha ntchito yawo yogula zinthu, Mai Chipo ankadziwa kuti kiliniki ya pamgodi imasunga mankhwalawo posamalira antchito ake. Ambulansi inalibe mafuta. Iwo anathamangira kwa akuluakulu a chipatala kukapempha galimoto imene inayenera kukatenga ufa wa odwala tsiku limenelo, anakwera okha, n'kubwera nawo mankhwalawo. Adokotala anandiuza pambuyo pake kuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.

Ababa anatsitsimuka tsiku lotsatira. Chinthu choyamba chimene anafunsa, ndi mawu otsika kwambiri, chinali ngati nthawi ya swala yadutsa. Ine ndinasowa chochita, chifukwa m'mipopi ya m'chipatala munalibenso madzi. Mai Chipo anali atabwera kudzawazonda. Anatuluka mwakachetechete n'kubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi owiritsa ochokera kukhitchini. Mayi wachikhristu ameneyu, wovala yunifolomu ya mpingo Lachinayi lililonse, anagwira beseni pamene ine ndinkathira madzi m'manja mwa ababa kuti achite udhu. Sindinathe kuwayang'ana Mai Chipo kumaso. Ababa atatha anawathokoza m'Chishona kuti, "Maita basa, mwanangu. Mulungu akusungeni."

Nditapita ku ofesi yawo kukapepesa, ndinagwada pansi. Iwo anandidzutsa n'kunena kuti zakale zapita, chimene akufuna ndi ndiwo za kumtunda. Anachitadi zimene analonjeza, anatiperekeza kukapempha malo. Azibambo a kumzikiti anatikumbira chitsime. Sikuti zinali zophweka ayi. Dothi la kumtunda linali louma, manyowa tinkachita kukatola kumakola a anthu, ndipo kwa miyezi ingapo tinavutika kwambiri. Koma tsiku limene ndinakankha wilibala yoyamba kuchokera kudimba latsopano, Mai Chipo anailandira, ndipo sanatchulepo zakale ngakhale kamodzi. Maenje aja aboma anadzawakwirira, ndipo pamene panali dimba lathu lakale panameranso mabango.

Chimene chimandivutitsabe ndi anthu amene ndinawagulitsa ndiwo zija kumsika nditachenjezedwa kale. Sindikudziwa kuti zinawachita chiyani, ndipo sindidzadziwa. Ena anali amayi oyembekezera, ena ankagulira ana. Ndimangopempha Mulungu kuti andikhululukire.

Inu owerenga, makamaka amene mumagulitsa katundu kuzipatala, kusukulu kapena kumaofesi a boma, wogula akakufunsani kumene katundu wanu wachokera musathamangire kupsa mtima. Ndikudziwa kuti alipo ena amene amagwiritsa ntchito malamulo pofuna ziphuphu kapena kukondera abale awo, ndipo tsankho nalo lilipo ndithu, ndakumana nalo. Koma si aliyense wokukanizani amene amakudani. Yambani mwapita kukaona nokha chimene akunenacho. Tsatani mtsinje wanu mpaka kumtunda, mudziwe amene akutsukiramo ndi zimene akuthiramo. Lamulo loletsa kulima m'gombe ine ndinkalitenga ngati nkhanza za anthu okhuta, osadziwa kuti likuteteza madzi amene bambo anga ankaika m'kamwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala wa mtundu wina.

Kwa inu amene boma linakupatsani ntchito yogula zinthu, chonde khalani ngati mayi ameneyu. Tidzakutukwanani, inde, monga ndinachitira ine, koma musatope kufunsa.

Mai Chipo, ngati mawu awa angakupezeni kumene muli, zikomo. Ababa anakhala nafe zaka zina zambiri. Anaona adzukulu awo akumaliza sukulu, ndipo tsiku lawo litakwana anamwalira ndi ukalamba, pabedi lawo, ife ana awo titawazungulira. Pakanapanda inu, bwenzi atafera m'manja mwanga chifukwa cha bodza langa, ndipo ine ndikanakhala moyo wanga wonse ndikudziwa kuti ndinawapha ndine.