Makina Khumi ndi Awiri a Alfonsi Mbewe

Alfonsi Mbewe wa ku Kapata anali ndi luso limodzi basi: kukonza makina owerengera masamu, aja opukusa ndi dzanja. Maofesi onse a m'Chipata ankamudziwa ndi kabotolo kake ka oyilo. Azungu ogulitsa makina atayamba kulongedza katundu kubwerera kwawo, iye anati nthawi yakwana yoti azigulitsa yekha makinawo.

Ndalama analibe. Chuma chinali m'khola la mlongo wake Getrude ku Kasenengwa: ng'ombe zinayi zolimira, zimene malemu mwamuna wake anamusiyira. Getrude anavomera kuzigulitsa.

Koma agule ati? Makampani awiri ankalimbirana msika. Ina inkapanga makina achitsulo amene Alfonsi anawazolowera, ina inali itangotulutsa timakina tamabatire tokwana m'dzanja. Msuweni wawo Boaz, kalaliki wa m'sitolo, anabwereka kamodzi n'kubwera nako kumudzi.

"Asuweni, aka kamayankha musanaphethire n'komwe," anatero Boaz.

"Nanga kakafa mukatsegula pati?" anakalipa Alfonsi. "Chinthu chopanda pothira oyilo n'chidole!"

Anakangana mpaka kukhosi kuuma. Getrude sanapiteko kusukulu, koma mtedza ankaudziwa: thumba likapepuka ndiye kuti mwadzaza makoko. Anaika makina onse awiri, achitsulo amene Alfonsi anabwera nawo ndi kaja ka Boaz, pa sikelo ya mtedza, poyamba awa kenako ako.

"Gulani olemerawa, achimwene. Chitsulo sichinama."

Ng'ombe zinapita, makina khumi ndi awiri anabwera. Alfonsi anagulitsapo awiri okha. Pasanathe zaka zitatu tamabatire tinatsika mtengo, mpaka ogulitsa kapenta pamsika anali nato. Kampani yachitsulo ija inatseka. Maofesi anaponya makina akale m'zipinda zosungiramo katundu, ntchito yokonza nayonso n'kuthera pomwepo. Alfonsi ankangokhala pakhomo pa kasitolo kake, kupukuta fumbi pa zinthu zimene palibe ankazifunsa mtengo. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo iye ankadziwa.

Mvula yoyamba itagwa anakwera njinga kupita ku Kasenengwa kuti akanene zoona, kuti ng'ombe zija sizidzabweranso. Anapeza Getrude ali chowerama m'munda, yekha, atalima kachigawo kochepa chabe. M'malo monena zoonazo, Alfonsi anangolanda khasu n'kuyamba kulima, ndipo dzuwa lisanafike pamutu manja ake ofewa anali matuza okhaokha.

Getrude anamulanda khasulo mwaulemu.

"Manja anuwa si a khasu, achimwene. Bwererani kutauni msanga, wogula angabwere n'kupeza potseka."