Mayi Luwiza ndi Waranti ya Zaka Zitatu

Pa chikwangwani cha situdiyo ya zithunzi ya kuseri kwa msika, pa boma la Mchinji, pali dzina limodzi: Wilson Mkwinda. Amene amakhala m'katimo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndi akazi awo, mayi Luwiza. Situdiyoyo ndi chipinda chakumaso cha nyumba yawo. Ine ndimachita lendi mbali ina ya nyumba yomweyo, ndipo khoma lotilekanitsa silinafike kudenga.

Mayi Luwiza anabadwira ku Guilleme. Sukulu analekeza Fomu 2, chaka chimene bambo awo anagonekedwa m'chipatala ndipo panafunika wowadikirira. Alongo awo analipo atatu, koma onse anali ndi mayeso. Kenako anaphunzira kusoka, nakwatiwa ndi a Wilson, amene masiku amenewo ankazungulira pa njinga ku Mkanda ndi kwa Mavwere kujambula maukwati ndi maubatizo. Anabereka mwana mmodzi, Faith, amene pano ali ku kozi ya unamwino.

Mafoni atafala, anthu anasiya kulipira munthu wongowajambula. Anayamba kulipira wowakonza: kufafaniza ziphuphu, kuchotsa mwamuna wakale pa chithunzi cha ubatizo wa mwana, kuveka tayi malemu amene anatsikira kumanda asanavalepo tayi. A Wilson anaona patali, nagula laputopu yakale ku Chipata. Anaiyatsa kawiri, kenako anati kuwala kwake sikugwirizana ndi maso awo. Mayi Luwiza anaisunthira pa tebulo la mashini osokera kuti apukute pamene inali, ndipo sinabwererenso. Anaiphunzira okha, pakati pa kuchapa ndi kuphika. Makasitomala akabwera kudzatenga zithunzi ankayamikira dzanja la a Wilson. A Wilson ankalandira mayamikowo modzichepetsa.

Laputopu ija itatheratu mu 2023, banjali linagulitsa nkhumba zake ziwiri nʼkukwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula kompyuta ya patebulo. Mayi Luwiza analemba zimene ankafuna kuseri kwa envelopu ya chopereka: sikirini yaikulu yosanamiza mitundu, bokosi losachita ulesi chithunzi chikalemera, ndi kadisiki kapadera kosungiramo ntchito ngati china chitavuta.

Wogulitsa m'shopumo, dzina lake Princess, analunjika kwa a Wilson.

"Bwana, mumagwiritsa pulogalamu iti?"

"Onse," anatero a Wilson.

"Nanga zithunzi zanu zimalemera bwanji?"

A Wilson anacheukira akazi awo. "Auzeni, amake Faith. Ine manambala ndimaiwala."

Mayi Luwiza anapereka envelopu ija. Princess anaiwerenga, nayamikira a Wilson kuti akudziwa chimene akufuna. Kompyuta itasankhidwa, ndalama yotsala inali yokwana chinthu chimodzi basi. Apa ndi pamene Princess anatulutsa pepala lamizere yagolide.

"Waranti ya ku fakitale ndi chaka chimodzi. Mukawonjezera iyi, zaka zitatu mukugona tulo tofa nato. Ikafa timakonza. Ikafetsetsa timakupatsani ina."

"Ine ndimati kadisiki kaja," anatero mayi Luwiza chapansipansi.

"Kadisiki tidzagula mawa lino," anayankha a Wilson. "Chinthu chachikulu chonchi sichingakhale chopanda pepala."

Princess anamata sitika yofiira kumbuyo kwa bokosi, pamwamba pa sikuluwu yotsegulira. "Iyi isang'ambike, bwana. Ikang'ambika sitidziwana."

Pobwerera, mayi Luwiza anakhazika sikirini pamiyendo kuchokera ku Lilongwe mpaka pa boma, bokosi atalipana ndi mawondo. A Wilson ananyamula pepala.

Chaka choyamba kompyuta sinadwale. M'chaka chachiwiri, mwezi wa Julayi, kunabwera mayi Anasi a kwa Mavwere. Amuna awo anali tenanti pa esiteti ya fodya, wochokera ku Phalombe, ndipo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Abale anagwirizana zovundukula chiliza Loweruka lachiwiri la Ogasiti, ena adzachita kuchokera kumudzi, ndipo pamwambowo pankafunika chithunzi cha malemu. Chinalipo chimodzi chokha m'dziko lonse: gulu la matenanti ataima kutsogolo kwa shedi, malemuwo ali mzere wakumbuyo, khutu limodzi ndi phewa zitabisika kuseri kwa chipewa cha kapitawo. Chinyezi chinali chitachimata ku galasi la felemu.

"Ana sakuwakumbukanso nkhope," anatero mayi Anasi. "Wamng'ono amaloza kapitawoyu nʼkumati ababa."

Mayi Luwiza anachijambula ndi sikana chili m'galasi momwemo, nalowetsa mu kompyuta. Mawa lake a Wilson anati chithunzi chimaoneka bwino chikakhala kunja kwa galasi, ndipo anachimatula ndi lezala. Kapitawo anatuluka bwinobwino. Nkhope ya malemu inatsalira pa galasi ngati zinyenyeswa. Kuyambira tsiku limenelo, amuna a mayi Anasi anali malo amodzi okha: m'bokosi la sitika yofiira.

Mayi Luwiza anakhalira chithunzicho milungu itatu. Anachotsa kapitawo. Khutu losowalo anatengera ku linzake nʼkulitembenuza. Phewa anabwereka kwa a Wilson, amene anavala jekete yawo ya tchalitchi nʼkuima pakhoma. Kunatsala kusalaza m'mbali ndi kusindikiza.

Koma imeneyi ndi nyengo imene chimanga chimalowa m'nyumba. Nkhokwe panja anthu anasiya kuzikhulupirira, ndiye matumba khumi ndi awiri anadzagona m'situdiyo, pambali pa tebulo. Lolemba la sabata ya chiliza, mayi Luwiza ali ku chigayo, a Wilson anathira mankhwala a fumbi m'chimangacho. Lachiwiri kompyuta inayaka, inaonetsa dzina lake, nʼkuzima. Anaiyatsanso. Inazimanso isanamalize kudzuka.

A Wilson sanade nkhawa. Ananena kuti tsiku limene analilipirira lafika. Anaimbira Princess, foni ataiika pokweza kuti akazi awo amve phindu la pepala.

"Palibe vuto, bwana," anatero Princess. "Ibweretseni. Masiku makumi awiri ndi limodzi ogwira ntchito."

"Simubwera kuno?"

"Ku Mchinji? Werengani kuseri kwa pepalalo, bwana."

Mayi Luwiza anasendera pafupi. "Nanga zimene zili m'katimo, achemwali?"

"Zija amisiri athu amafufuta, mayi, kuti iyambe ngati yatsopano. Si munasunga pa disiki ina?"

A Wilson anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana bokosi. Princess anafunsa ngati foni yaduka.

Tsiku lonselo mayi Luwiza anasoka mayunifolomu. Lachitatu m'mawa anayatsanso kompyuta, natsamiza khutu pa bokosi mpaka inazima. Kenako anatsegula kadirowa ka mashini osokera nʼkutulutsa kasikuludiraiva kawo.

"Fani yoziziritsa m'katimu sikulira," anatero. "Chaka chachiwiri chino ndimaimva tsiku lililonse. Yangoti zii."

"Ndiye mutani?"

"Ndione."

A Wilson anaima pakati pa akazi awo ndi tebulo. "Amake Faith, mukudziwa kuti sitika imeneyo ndi theka la nkhumba?"

"Ndikudziwa. Ndinkaidyetsa ndine."

"Kwatsala chaka ndi miyezi inayi!"

"Kwa mayi Anasi kwatsala masiku atatu. Mukawauza inu kuti amuna awo apita ku Lilongwe kukafufutidwa?"

A Wilson anaganiza. Anayang'ana galasi lija, limene linali likadali pawindo ndi zinyenyeswa zake. Anasuntha.

Sitika yokwera mtengo chonchija inang'ambika mosavuta, ngati pepala lina lililonse. Chivundikiro chitachoka, m'kati munali mbuu, ngati mwa munthu wogwira ntchito ku chigayo. Fani inali itatsamwa.

"Abambo ake a Faith," anatero mayi Luwiza, "ichi nʼchiyani?"

A Wilson anatsokomola. Anati Lolemba lija anaona anankafumbwe awiri akulowa pa timabowo ta m'mbali mwa bokosi. Mankhwala anali atatsala theka la botolo, ndipo kutaya mankhwala si bwino. Anawerengera kuti bokosilo ndi lofanana ndi ndowa imodzi ya chimanga, koma anawonjezera pang'ono poganizira mtengo wake.

Mayi Luwiza anamanga mpango pamphuno, natulutsa bokosi pakhonde, nʼkuitanitsa pampu ya njinga. Iwo ankalozetsa kapaipi, a Wilson ankapopa. Ntchito inatenga ola lathunthu, ndipo inali yoyamba a Wilson kugwira pa kompyutayo. Atailumikizanso, fani inazungulira. Malemu anatulukira pa sikirini atavala jekete, makutu onse awiri ali m'malo.

Za waranti, pa mzere wathu wa nyumba anthu sanagwirizane. A Wilson amati pepala linali labwino, kungoti silinapatsidwe mpata. Aphunzitsi ena anawerenga kuseri kuja nʼkupeza kuti silikhudza fumbi, madzi, mphenzi, makoswe, magetsi obwera mwamphamvu, ngakhale tizilombo. Anati kwa munthu wa ku Mchinji chimatsala ndi kompyuta kungofa yokha ndi chisoni. Mayi Luwiza anabwerera pa mashini awo. Anasoka madiresi a kwaya mwezi wotsatira nʼkuitanitsa kadisiki kaja kwa kondakitala wa minibasi.

Mayi Anasi anabwera Lachisanu pa kabaza. A Wilson anali atapita kukagula felemu, ndipo anachedwa dala. Amene anafotokoza za chithunzi chong'ambika ndi mayi Luwiza, atakhala pansi pa mkeka, kenako anapereka chatsopanocho.

Mayi Anasi anachigwira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka wakabaza panja analiza belu.

"Ndi iwo," anatero. "Kungoti chikwatirane sindinawaonepo atakhuta chonchi."

"Phewalo ndi la kuno. Ndichepetse?"

"Ayi, asiyeni. Ana awaone chomwechi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Khutu ili mwalipeza kuti?"

"Linali lawo lomwe, mayi."

Loweruka chithunzicho anachiimika pa mpando pambali pa chiliza, ndipo abale a ku Phalombe anadutsapo mmodzimmodzi. Mwana wamng'ono uja anaima patsogolo pake mpaka anachita kumukoka. Woyendetsa mwambo anathokoza a Wilson Mkwinda a pa boma chifukwa cha luso lawo, ndipo a Wilson anaimirira nʼkugwedeza dzanja. Mayi Luwiza anamva zimenezi ali kuseri, kumene amayi anzawo anawapempha kuti athandize kutsuka mbale popeza afika kale.

Sabata yotsatira mayi Anasi anatumiza thumba la mtedza, nauza wakabaza kuti akapereke m'manja mwa mayi wa pa kompyuta, osati wina. Wakabazayo anachitadi zomwezo. Mtedzawo unali wosasenda. Mayi Luwiza anausenda masiku anayi, ndipo a Wilson anakaugulitsa kwa mavenda a kumalire, ku Mwami, kumene mtengo unali wabwinoko.